Mizere Imene a Njobvu Anafafaniza

Mu ofesi yoyang'anira mijigo ku Katete munali anthu awiri omwe ankapatsana moni chifukwa choti chitseko cholowera chinali chimodzi. Wina anali a Bizwick Njobvu, kalaliki wa kaundula, winayo Scholastica Miti, mayi wogwira kompyuta. Matebulo awo anayang'anizana. A Dominic Sakala, mkulu wa ofesiyo, ankakhala m'kachipinda kawo atatseka chitseko, kupempherera kuti dzuwa lilowe anthu awiriwa asanawabweretsere mlandu.

A Njobvu anayamba ntchito chaka chotsatira ufulu. Mjigo uliwonse kuchokera ku Sinda mpaka ku Mkaika unali m'mabuku awo akuda: mudzi, kuya kwa chitsime, tsiku limene unakonzedwa komaliza. Pepala lililonse lopita kwa mkulu linkayamba ladutsa patebulo pawo, kukalandira chidindo, nambala, ndi zilembo ziwiri, B.N. Lopanda zimenezo iwo ankalitcha chinyalala, ngakhale litalembedwa bwino chotani. Tinene zoona, ntchito yawo ankaidziwa. Matenda awo anali oganiza kuti ntchito ya wina aliyense mu ofesimo ndi kanthambi ka ntchito yawo.

Scholastica analowa ngati taipisiti. Kompyuta itabwera mu 1987 pamodzi ndi mzungu wina wolangiza za madzi, mzunguyo anayamba waitana a Njobvu kuti aphunzire. Iwo anakana, amvekere pa msinkhu wawo sangakhale pampando ngati mwana wa giredi wani. Scholastica anavomera. Kwa zaka ziwiri anaphunzira kulemba mapulogalamu m'chinenero cha makina chotchedwa C, mpaka mzungu ananyamuka n'kumusiyira zonse. Taipi yake yakale inatumizidwa ku Chipata, ndipo malo a taipisiti anachotsedwa m'ndandanda wa antchito. Choncho ntchito yake yonse inali m'bokosi lotuwa lija. Mwamuna wake anali atamwalira, ana awiri ali pasukulu, ndipo kompyuta ikanachoka, chomudikira chinali khasu kwawo ku Sinda.

Ndipo akuluakulu a ku Chipata ankaifunadi kompyutayo. Ankati ku Katete ikungodya magetsi. Kumayambiriro kwa Malichi 1990 anatumiza mawu: mijigo ya ku Vubwi yaperekedwa kwa inu, Lachisanu kudzabwera Mayi Grace Kamanga kudzaona ngati makina anu angatulutse ndandanda wake, woyamba ndi mjigo umene watenga nthawi yaitali osakonzedwa. Akalephera, makinawo akwere galimoto tsiku lomwelo.

Pulogalamu munthu amailemba m'mawu, kenako pulogalamu ina yotchedwa kompayila imawerenga mawuwo mzere ndi mzere n'kuwasandutsa zomwe makina angamve. Kompayila siimva chisoni. Ikapeza cholakwika chimodzi imaima, n'kutchula fayilo ndi mzere pomwe yakhumudwa. Imabweranso ndi mafayilo akeake, momwe opanga analembamo mayina a zida zomwe makina ali nazo kale, monga chida chouza tsiku ndi ola. Mzungu uja anamuuza Scholastica kangapo kuti mafayilo amenewo aziwerenga akafuna, koma asamawakhudze.

Scholastica anali ndi chizolowezi cha ataipisiti chosalemba kanthu popanda kaboni. Sabata imene mzungu ankamanga katundu, iye anasindikiza fayilo iliyonse yomwe inali m'makinamo, zake ndi za kompayila zomwe, motsatana kuyambira A mpaka Z. Unatuluka mulu wonenepa ngati mabaibulo atatu, ndipo anauika pansi m'kabati. Mzungu anaseka, a Njobvu anadandaula za mapepala mwezi wathunthu. Madiski oyambirira a kompayila anapita ndi mzunguyo ku likulu ku Lusaka, komwe kalata yopempha chinthu inkayankhidwa patapita milungu itatu ngati muli ndi mwayi.

Tsono chiyambi cha mavuto chinali msonkhano wa Lolemba m'mawa. A Njobvu anaumirira kuti mayina onse a mu pulogalamu afanane ndi mitu ya m'buku lawo lakuda, kuti makina asayambitse boma laokha mu ofesi. A Sakala, pofuna mtendere, anavomera. Mitu ya m'bukumo inali ya Chingerezi, ndipo mutu womaliza, wa miyezi yomwe yapita mjigo usanakonzedwe, unali time. Scholastica anakhala pansi, analemba gawo latsopano la ku Vubwi, n'kutcha kabokosi kosungira miyezi ija time monga analamulidwa.

Kompayila inakana. Inati dzina limeneli lili ndi mwini kale, mu fayilo yake yotchedwa time.h, ndipo silingatchulidwe kawiri pa zinthu ziwiri zosiyana. Scholastica anasindikiza uthengawo kuti auwerenge bwino. Asanafike kumapeto kwa mzere, dalaivala wa ofesi analowa ndi kakalata kochokera ku Sinda: malume ake, omwe anamulera bambo ake atachoka, amwalira m'mamawa. Anazimitsa makina, anatsamiritsa pepala lija ndi mwala wapatebulo, anapereka kiyi wa makinawo kwa a Sakala, n'kuthamangira basi.

Yankho linamubwerera ali m'basi momwemo, misozi ili m'maso, asanafike n'komwe theka la ulendo. Mlendo akafika m'mudzi n'kupeza dzina lake lili ndi mwini, wowonjezera dzina lina ndi mlendoyo. Kabokosi kake kanali kobwera, time wa makina anali mwini mudzi. Inali ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo anadziuza kuti akaigwira Lachinayi m'mawa asanavule n'komwe juzi.

Lachinayi anafika maso ali otupa, mawu atasasa ndi nyimbo za pamaliro. A Njobvu sanamupepese. Anangoyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena, mokweza kuti a m'kachipinda amve:

“Wabwera, mtsikana iwe. Makina a boma unawononga n'kuthawa, manje wabwera kudzaona mtembo.”

Mayi wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, wa ana awiri, kumutchula mtsikana. Scholastica magazi anamuwira, koma anangolowa kwa a Sakala kukatenga kiyi. A Sakala anamupepesa za maliro akuyang'ana pawindo. Kenako anamuuza mozungulira kuti Lachiwiri a Njobvu anapempha kiyi kuti apukute fumbi, n'kupeza makina akulavula madandaulo osatha. Lachitatu a Njobvu analemba kalata pamanja yopita ku Chipata, yonena kuti taipisiti wawononga kompyuta n'kuchoka pantchito, choncho makinawo atengedwe ndipo ofesi ibwerere ku mabuku. Kalatayo inapita ndi galimoto. Scholastica anafunsa ngati iwo anasaina, a Sakala n'kuyankha kuti inali ndi chidindo kale, akanatani.

Anatenga kiyi n'kubwerera patebulo pake. Anayatsa makina, anaitana kompayila. M'malo mwa dandaulo limodzi la Lolemba lija, panatsika madandaulo odzaza galasi lonse. Anayesa pulogalamu yakale, yomwe inkadutsa bwinobwino zaka ziwiri, nayonso inakanidwa. Kenako anakumbukira zomwe anaphunzitsidwa, kuti madandaulo akachuluka uziwerenga loyamba lokha, ena onse ndi ana ake. Loyambalo linkaloza mu time.h, mzere woyamba, ndipo linkati pali mawu omwe kompayila sikuwadziwa.

Anatsegula fayiloyo. Pamwamba penipeni, pomwe kale panali mawu a opanga, panalembedwa: Cancelled. B.N. 6/3/90. Pansi pake fayiloyo inali ndi mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

Sanafunikire womuuza zomwe zinachitika. Kwa zaka zitatu a Njobvu ankanamizira kuwerenga mabuku awo, chikhalirecho akuloweza mabatani omwe iye ankadina. Lachiwiri anaona mpata woti Mayi Kamanga adzapeze ndandanda wotulutsidwa ndi kalaliki wa kaundula, taipisiti ali kumaliro. Anawerenga pepala lotsamiritsidwa ndi mwala lija, ndipo kwa iwo nkhaniyo sinali yachilendo m'pang'ono pomwe. Ku kaundula, mafayilo awiri akakhala ndi nambala imodzi, yakale imatsekedwa, yatsopano n'kutenga nambalayo. Anatero kwa zaka makumi awiri ndi zisanu osadzudzulidwa ndi munthu. Ndiye anatsegula fayilo ya makina n'kufafaniza mzere wa time wakale. Kompayila itadandaula za china, anafafanizanso chimenecho, kenako china. Ndipo popeza kalaliki wa kaundula satseka chinthu osasaina, anakwera pamwamba n'kuikapo tsiku ndi zilembo zawo.

Scholastica anakweza maso. A Njobvu anali kusongola pensulo ndi lezala, modekha, ngati munthu amene chikumbumtima chake chagona tulo tabwino. Mtima wake unkamuuza kuti aimirire, awakokere pagalasipo ndi tayi yawo. Koma kukuwa sikukanatulutsa ndandanda wa ku Vubwi, ndipo a Sakala akanangopempha kuti zikambidwe mwachibale mpaka galimoto ya ku Chipata itafika. Anasindikiza fayilo yowonongekayo monga inalili, anapinda pepalalo kanayi, n'kuliika pansi m'chikwama chake. A Njobvu atamva pulinta anafunsa ngati akusindikiza kalata yotsanzika.

Scholastica anapita kukabati kukatenga mulu wake uja. Pansi m'kabati munali fumbi ndi ndowe za mphemvu basi.

“A Njobvu, mapepala anga anali muno ali kuti?”

“Ati? Aja opanda fayilo namba?” Anauzira fumbi la pensulo patebulo. “Zinyalala sitisunga mu ofesi ya boma. Ninapatsa a Sefu mwezi watha, azikulungira katundu. Kumeneko ndiye akugwirako ntchito.”

Apa Scholastica anawada a Njobvu ndi mtima wake wonse, chidani choyera chopanda kusakaniza. Anatenga ambulera n'kutuluka osapempha chilolezo kwa aliyense.

Sitolo ya a Sefu inali tsidya lina la msewu waukulu wa ku Lusaka. A Sefuwo anali atapita kukapikula katundu ku Chipata, pakauntala panali akazi awo, Hawa, mayi wa ku Mangochi amene ankagulitsa chilichonse kuyambira misomali mpaka zitumbuwa. Hawa anayamba wamupepesa za maliro bwinobwino, monga anthu amachitira, mpaka Scholastica anatsala pang'ono kulira pakati pa matumba a mchere. Atafotokoza chomwe wadzera, Hawa anawerama n'kutulutsa muluwo pansi pa kauntala. Pa mabaibulo atatu aja panatsala ngati kabuku ka nyimbo.

Scholastica anayang'ana pepala lapamwamba. Hawa ankang'amba kuyambira pamwamba, ndipo mafayilo anasindikizidwa motsatana. Onse a A mpaka R anali atapita kale m'midzi atakulunga kapenta ndi sopo. Lapamwamba linali la fayilo yoyamba ndi S. Anavundukula, kudutsa ma S onse, n'kupeza time.h, tsamba loyamba, loyera ngati lasindikizidwa dzulo. Tsamba lachiwiri panalibe.

Anafufuza kawiri. Hawa anaganiza pang'ono, n'kukumbukira kuti m'mawa anasolola pepala limodzi pakati pa mulu chifukwa apamwamba anali atanyowa ndi mvula yodontha. Ananyamula beseni la zitumbuwa. Pepala linali pansi pake, litamwa mafuta mpaka kuoneka mbali zonse ziwiri, koma zilembo zinali zikadalipo.

“Amake Jonasi, mukanabwera Loweruka mukanakazifuna m'matumba a anthu ku Mkaika,” anatero Hawa, akumutchula ndi dzina la mwana wake. “Tengani zonse. Akuluwo akandifunsa ndinena kuti mbewa zadya.”

“Achemwali, Mulungu akudalitseni. Simukudziwa chomwe mwandisungira.”

Atabwerera mu ofesi anayala masamba awiri aja, lamafutalo analiika pa pepala loyera kuti liwerengeke. Anali atangotsegula fayilo pamene mvula inayamba, bingu linagunda cha ku phiri, magetsi n'kuthima. Inali itangokwana thu koloko. Anakhala maola awiri manja ali pamiyendo, akuyang'ana galasi lakuda. Kutsidya kwa chipinda a Njobvu anatsegula buku lakuda pafupi ndi windo n'kumalemba mijigo ya ku Vubwi ndi dzanja, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Pakati pa ndime anauza khoma kuti buku silifuna magetsi, ndiponso silipita kumaliro.

Magetsi anabwera itadutsa folo. Apa ndiye zaka zisanu ndi ziwiri za utaipisiti zinagwira ntchito yake. Scholastica anachotsa siginecha ija pamwamba, n'kuyamba kubwezera mizere yofafanizidwa, maso pa pepala, zala pa mabatani, osasiya kadontho kapena kamzere kalikonse, chifukwa kompayila imawerenga timadontho ngati mawu. Pa tsamba lamafuta panali malo awiri pomwe chilembo chinasungunuka, ndipo analiyang'anitsa pawindo mpaka chinaoneka. Mizere yomwe a Njobvu anafafaniza inakwana khumi ndi isanu ndi inayi. Atatha anawerenganso kuchokera pansi kukwera m'mwamba, monga ankachitira ndi makalata a bwanamkubwa wa boma.

Anaitana kompayila. Madandaulo onse aja anasowa, kunatsala limodzi lokha, lakale lija la Lolemba, loti time ali ndi mwini. Scholastica analilandira ngati mbale wake. Anapita mu pulogalamu yake, osati ya makina, n'kusintha kabokosi kaja kukhala mjigo_nthawi paliponse pomwe kanatchulidwa. Sanalekere pomwepo. Mayina onse omwe anawatenga m'buku lakuda anawaika mjigo kutsogolo, kuti lina lisadzagundanenso ndi la makina mawa kapena mkuja. Mitu yotuluka pa pepala anaisiya monga ilili m'buku la a Njobvu, chifukwa zimenezo ndi zilembo chabe zomwe pulinta imalemba, kompayila siziikhudza. Akanawafotokozera zimenezi Lolemba pamsonkhano akanamumvera ndani?

Kompayila inadutsa osanena kanthu. Mijigo ya ku Vubwi inatsika pagalasi, makumi asanu ndi limodzi kudza itatu, woyamba wa miyezi makumi awiri ndi isanu ndi umodzi osakonzedwa. Galasilo linafulatira a Njobvu. Scholastica anadziwa kuti pulinta ikalira adziwa, ndipo akhala ndi usiku wonse wokonza bodza lina. Anazimitsa makina, anawaphimba ndi nsalu yake, kiyi n'kuika m'chikwama m'malo mokapereka kwa a Sakala. A Njobvu anafunsa ngati wagonja. Iye anawafunira kugona bwino.

Lachisanu a Njobvu anabwera atavala jekete yomwe ankavala pa tsiku la ufulu lokha. Mayi Kamanga anafika cha m'ma naini ndi amuna awiri onyamula katundu, ndipo amunawo analowa ndi katoni yaikulu n'kuiika pafupi ndi tebulo la Scholastica. Mayi Kamanga anali munthu wamfupi, wosaseka, wodziwika kuti nkhani amaifuna yaifupi. Kalata ya a Njobvu inali m'manja mwawo. Anakana tiyi, n'kufunsa ngati makina akufawo ndi amenewa.

Scholastica anavundukula nsalu, anayatsa, anadina mabatani ake. Pulinta inayamba kulira. Inalira mphindi zinayi. Mayi Kamanga anang'amba pepala okha, anawerenga kuyambira pamwamba, anafunsa za mjigo woyamba uja ngati n'zoona kuti watha zaka ziwiri. A Sakala anatsegula buku lakuda n'kupeza kuti n'zoona. Kenako a Sakala anayamba kuseka kaseko kawo kamtendere, amvekere zonse zatha bwino, panali kusamvetsetsana pang'ono, tiyeni tiiwale.

Mayi Kamanga sanaseke. Anati iwo sanayende ulendo wonsewu kudzaiwala. Kalata ili m'manja mwawo ikuti wogwira makina anawawononga n'kuchoka. Ngati n'zoona, ndiye kuti makina a boma ali m'manja mwa munthu wosasamala, ndipo akwera galimoto ngakhale lero atulutsa ndandanda. Ngati si zoona, wina wawanamiza pa pepala la boma. Anafuna kudziwa kuti ziwirizi choona n'chiti.

A Njobvu anaimirira, anakonza jekete. Anati Lachiwiri iwo anangopukuta fumbi, n'kupeza zinthu zitawonongeka kale. Za mkati mwa makina iwo sadziwa, sanaphunzire, ndipo aliyense mu ofesi angachitire umboni kuti anakana kuphunzira. Wogwira makinawo ndi mmodzi yekha. Ngati dzulo wakonza, wakonza zomwe anawononga yekha.

“Mayi Miti, mukuti bwanji?” anafunsa Mayi Kamanga.

Scholastica anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi lija. Mayi Kamanga anatambasula dzanja, koma iye sanawapatse.

“Pepani, Madamu. Muno pepala silifika kwa akuluakulu lisanadutse ku kaundula. Likapanda nambala limakakulunga kapenta.”

Anadutsa pakati pa chipinda, analitambasula bwinobwino, n'kuliika patebulo pa a Njobvu. Anapempha mwaulemu kuti aliike chidindo.

A Njobvu anavala magalasi. Anawerenga mzere woyamba, ndipo sanapitirire. Iwo ankadziwa kuti dzulo mzerewo unachotsedwa m'makina, kapena ankayembekeza choncho, koma sanaganize kuti taipisiti amayamba wasunga kaboni. Scholastica anaimirira pomwepo osasuntha. Ankayembekeza kuti alikwinya, kapena anena kuti aliyense angathe kulemba zilembo ziwiri, ndipo anali atakonzeka kufunsa kuti ndani wina m'Katete yense amatseka chinthu mwa njira imeneyo.

Sizinafike pamenepo. Pepala linali patebulo la kaundula, akuluakulu akudikira, ndipo dzanja lomwe lachita chinthu chimodzi zaka makumi awiri ndi zisanu silidikira kuti mutu uganize. A Njobvu anatsegula kabokosi ka inki. Anadinda. Analemba nambala m'buku la makalata olowa, anaibwereza pakona pa pepalalo, n'kuika tsiku ndi zilembo zawo pansi pake. Kenako analinyamula okha ndi manja awiri kukapereka kwa Mayi Kamanga.

Mayi Kamanga anayang'ana B.N. wapamwamba, wa pulinta, ndi B.N. wapakona, wa inki yosauma. Anafunsa kuti fayilo imeneyi ndi yanji, Scholastica n'kufotokoza mwachidule kuti ndi ya makina, yosayenera kukhudzidwa, ndipo cholakwika chake cha Lolemba chinali dzina limodzi lomwe linkafunika kusinthidwa mu pulogalamu yake. Mayi Kamanga anafunsanso kuti pa sikisi mwezi uno, tsiku la papepalalo, iye anali kuti.

“Ndinali kumanda ku Sinda, Madamu. Tinkaika malume anga.”

Mayi Kamanga anatembenukira amuna awiri aja n'kuwauza kuti abweze katoniyo m'galimoto. Anauza a Sakala kuti za kusaina makalata osawerenga akambirana awiri m'kachipinda. Kenako anauza a Njobvu kuti kalata yawo ya Lachitatu yalowa kale m'fayilo ku Chipata, ndipo iwo monga munthu wa kaundula akudziwa kuti siingatulukemo popanda ina yoitsutsa. Aifuna asananyamuke, yofotokoza amene anatsegula makina, zomwe anachitamo, ndi kuti Mayi Miti alibe mlandu. Yapamanja sakuifuna, ikhale yotaipa.

Mu ofesimo munalibe taipi. Inapita ku Chipata kalekale, ndipo amene analemba kalata yoitumiza anali a Njobvu omwewo.

Choncho a Njobvu anadutsa pakati pa chipinda, ulendo womwe sanauyendepo masana anthu akuona, n'kuima pambali pa tebulo la Scholastica. Mpando wapadera panalibe, ndipo iye sanapite kukawafunira. Akanakhala wina mwina akanamva chisoni poona nkhalamba ya imvi itaima chomwecho, chipewa cha cholembera chikuzungulira m'zala. Scholastica anafufuza chisonicho mumtima mwake, anakumbukira mawu aja oti buku silipita kumaliro, ndipo sanachipeze. Chomwe anapeza chinali chimwemwe, chowawa pang'ono, koma chimwemwe ndithu. Anatsegula tsamba latsopano, anaika zala pa mabatani, n'kudikira.

“Ine, Bizwick Njobvu,” anayamba iwo, mawu ali pansi ngati akulankhula ndi nsapato zawo.

Zala za Scholastica sizinasunthe.

“Mukweze mawu, a Njobvu,” anatero. “Mtsikana sanamve.”